Kugula pikapu yakale: yambani mwagona pansi pake, za penti pambuyo

Pikapu yanga yoyamba ndinaigula chifukwa cha penti, sindinama ayi. Inali yoyera mbee, mipando ataiveka makava atsopano, wailesi ikulira bwinobwino, matayala atawapaka zowalitsa zija, ine mtima dyokodyoko kuopa kuti wina andipitirira. Kugwada kuti ndione pansi pake olo pang'ono sindinagwade. Patangotha miyezi itatu ndinanyamula katundu wolemererako pang'ono nde ndinangomva kumbuyo kuti gwa, kutsika kukaona ndikupeza chasisi, chimango chachitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse, yang'ambika pamene pamagwira sipiringi paja, kumeneko dzimbiri linali litadya kalekale mwini wake anangopakapo penti wakuda kuti zibisike. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nde zomwe ndikulemba apazi ndi zomwe ndikanakonda wina akanandiuza tsiku limene lija.

Musanapite kukaona galimoto iliyonse dzifunseni kaye kuti mukuifunira ntchito yanji. Single cab kumbuyo kwake nkwakutali, imanyamula katundu wambiri koma anthu awiri atatu basi, pomwe double cab imatenga banja lonse koma kumbuyo nkwakufupi. 4x4 nayonso musangoifuna poti imaoneka yaukali, ili ndi zinthu zambiri zoti zikuonongekereni, transfer box, difu yakutsogolo, mahabu, komanso imamwa mafuta kuposa inzake. Ngati njira zomwe mumayenda si zamatope kapena mchenga 4x2 ikukwanirani.

Pa nkhani ya mtundu anthu amakangana mpaka kudana, ine ndingonena zomwe ndikudziwa. Toyota Hilux inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo zakale zambiri za dizilo mupeza zili ndi injini ya 2L, 3L kapena 5L, kutanthauza malita 2.4, 2.8 ndi 3.0. Injini zimenezi nzaulesi pokwera mtunda, mukhoza kupitiriridwa ndi aliyense, koma makaniko aliyense wodziwa dizilo amazimasula ngakhale ali mtulo. Ina ndi 1KZ-TE ya turbo, mphamvu ili nazo koma ikangotentha kwambiri hedi imang'ambika, chimodzimodzi injini ya WL yomwe ili mu Mazda B2500 ndi Ford Ranger zakale zija, galimoto ziwirizi ndi pachibale. Nissan Hardbody ya TD27 ubwino wake taimingi yake ndi ya magiya, palibe lamba woti muzidera nkhawa. Isuzu KB ya 4JA1 kapena 4JB1 imalira mwaphokoso ngati thalakitala koma imapirira. Mitsubishi L200 ya 4D56 ili ndi malamba awiri kutsogolo, wa taimingi ndi wina wamng'ono wa balance shaft, wamng'onoyo akaduka amatha kulowa mwa mnzake nkuononga zonse. Hilux za D-4D zomwe zinafala kuyambira cha m'ma 2005 nzamphamvu komanso zofewa kuyendetsa, koma ma injector ake safuna dizilo wauve ndipo ikadwala imafuna kompyuta kuti mudziwe chavuta. Koma kunena zoona funso lenileni si lakuti yabwino ndi iti, funso ndi lakuti masipeya ake amapezeka komwe mukukhalako? Pitani kwa ogulitsa masipeya mufunse gasiketi ya hedi, water pump, kilatchi ndi mabushi a mtundu womwe mukuufunawo, akayamba kukanda m'mutu nkumati tiitanitsa, ganizaninso.

Mukafika pa galimotopo yambani ndi mapepala musanayambe kuikonda, chifukwa ukaikonda kale maso amasiya kuona. Nambala ya chasisi imakhala yodindidwa pachitsulo chenichenicho cha chasisi, ipukuteni muiwerenge chilembo ndi chilembo kufananitsa ndi ya pa mapepala komanso ya pakachitsulo kamene kamakhala mu boneti kapena pa chitseko. Zambiri zimakhala ndi zilembo ndi manambala 17, koma zomwe zinapangidwira msika wa ku Japan komweko nambala yake imakhala yaifupi, zimenezo zisakudabwitseni. Chomwe chikuyenera kukuthawitsani ndi kuona kuti pozungulira nambalapo panapalidwa kapena kuwotchereredwa. Nambala ya injini nayonso muione. Dzina la pa mapepala lifanane ndi la pachiphaso cha amene akugulitsayo, akati ndi ya achimwene anga ali kutali, auzeni kuti mudikira achimwenewo abwere. Funsaninso ngati siili pachikole cha ngongole. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwenikweni, amabwezedwa amenewo, m'malo mwake yang'anani labala wa pa kilatchi ndi buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala, ngati zonsezi zaperepeseka koma mita ikunena zochepa ndiye kuti wina akunama.

Tsopano gawo lomwe ine ndinalidumpha lija. Pitani masana, kusakhale mvula chifukwa galimoto yonyowa iliyonse imaoneka yokongola, valani zovala zoti zide, tengani tochi, kahamala kakang'ono, maginito ndi katoni yogonera. Gonani pansi pake muyambire kutsogolo mpaka kumbuyo mukugogoda chasisi mbali zonse ziwiri. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, chodyedwa chimalira mogontha ndipo nthawi zina timagawo ta dzimbiri timayoyoka kukugwerani m'maso, nde samalani. Dzimbiri lofiirira la pamwamba chabe si vuto, galimoto yakale iliyonse ili nalo, vuto ndi lija lotupa lokhala ngati masamba a buku, kapena pomwe sikuludilaiva ikulowa mukakankha. Malo oipitsitsa ndi pomwe pamagwira masipiringi akumbuyo, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo pomwe chasisi imapindika, pafupi ndi thanki ya mafuta pomwe matope amaunjikana osauma, ndi pamene kabu imakhalira pa chasisi. Mukapeza chitsulo chachilendo chitawotchereredwa pa chasisi funsani kuti chinachitika nchiyani, ndipo penti wakuda watsopano pansi pa galimoto ya zaka 20 ameneyo si ukhondo, nthawi zambiri pali chomwe chikubisidwa.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira apa nchakuti injini ikafa mutha kugula ina nkuikamo, giyabokosi chimodzimodzi, koma chasisi ndi msana wa galimoto ndipo nambala ya galimotoyo ili pomwepo. Yowola kapena yopindika kuikonza bwino nkovuta ndipo olo muikonze mtima sukhala m'malo mukanyamula katundu. Kuti muone ngati ndi yopindika imani chapatali kumbuyo muyang'ane ngati bodi yakumbuyo ikulunjika ndi kabu, mpata wapakati pa ziwirizi ukhale wofanana uku ndi uku. Matayala odyeka mbali imodzi nawonso amaulula. Muli pansi pomwepo werengani masipiringi, ngati lina lathyoka kapena onse awongoka kuti thyathyathya, kapena anawonjezera ena, dziwani kuti galimotoyo yakhala ikusenzetsedwa mopyola. Kenako tulukani mukweze makapeti m'kabu ndi labala wa kumbuyo muone pansi pake, muyendetse maginito pa zitseko ndi pamwamba pa matayala, pomwe sakugwira pali fila wokhuthala, phala lija lomata pa bodi asanapente, kutanthauza ngozi yakale kapena bowo la dzimbiri.

Injini muione ili yozizira. Muuzeni mwini wake dzulo lake kuti asailize, ndipo mukafika igwireni ndi dzanja, mukaipeza yofunda iyeyo nkumati ndimangoitenthetsa, bwererani tsiku lina m'mawa, chifukwa injini yotopa imavuta kulira ikazizira koma ikafunda imanamiza. Tsegulani chotsekera oyilo muyang'ane kunsi kwake, mukaona zoyererako zonga phala ndiye kuti mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo. Oyilo wakuda bii mu dizilo asakuopseni, amada msanga olo atangosinthidwa kumene. Tsegulani ladiyeta, apa ndikubwerezanso injini ikhale yozizira, yotentha musayerekeze madzi ake amasupula nkhope. Madziwo asakhale ndi mafuta oyandama kapena matope a dzimbiri. Injini yotsukidwa kuti mbee nayonso ndimaikayikira, bola yafumbi yomwe ikuonetsa pomwe ikudontha.

Tembenuzani kiyi osaliza kaye, magetsi a pa dashibodi ayake, la oyilo, la batire, la ma glow plug omwe amatenthetsa m'masilinda injini isanalire, chifukwa ena amachotsa babu kuti vuto lisaoneke. Kenako lizani mukuyang'ana ku ekizozi. Getsi la oyilo lizime m'timasekondi tochepa. Kautsi pang'ono polira si kanthu, koma utsi wabuluu wosalekeza ndiye kuti ikuwotcha oyilo, vuto lili pa maring'i, ma valve seal kapena turbo. Woyera wosatha injini itafunda kale ndi madzi akulowa m'masilinda kapena dizilo wosapsa bwino, wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, apa mwina ndi fyuluta ya mpweya chabe kapena manozo ndi pampu ya dizilo. Ikulira choncho masulani chotsekera oyilo chija mungochikhazika pabowo osamanga, chikamangogwedezeka pang'ono zili bwino, chikamadumpha utsi ukufuka ngati sitima ndiye kuti mkati mwatha. Mu ladiyeta namo mukaona thovu likubwera mosalekeza, gasiketi ya hedi kapena hedi yeniyeniyo yapita.

Poiyesa pamsewu zimitsani wailesi, ndipo musalole zongozungulira pafupi nkubwerera, iyendetseni mphindi 20 kapena 30 mpaka ifunde ndipo mupeze kamtunda. Ikani giya 4 mukuyenda pang'onopang'ono mupondetse mafuta, injini ikakwera kulira koma liwiro osawonjezeka kilatchi ikuterera. Giya 2 ikamakhadzula polowa, kapena giya ikamatuluka yokha mukasiya mafuta, giyabokosi ikufuna kutsegulidwa. Kumbuyo kukamalira kuti wuuu mogwirizana ndi liwiro ndi difu kapena mabering'i, kugunda kuti gu ponyamuka kawirikawiri ndi makolosi a pulopela shafti. Pondani buleki pamalo oongoka muone ngati ikukokera mbali. Ngati ndi 4x4 ilowetseni pa dothi, magiya ake a 4x4 aja, 4H ndi 4L, onse, osati pa tala chifukwa zakalezi zambiri zilibe difu yapakati, pa tala zimamangana. Diso limodzi likhale pa geji ya kutentha nthawi yonseyi. Mukabwerera isiyeni ikulira pamalo ouma mphindi zingapo muonenso pansi ngati kwayamba kudontha. Ndipo pitani ndi makaniko wanu, wanuwanu, osati amene wabwera ndi wogulitsa, ngati ali ndi geji ya compression ayeze masilinda onse, chofunika kwambiri nchakuti asasiyane kwambiri.

Chilichonse chomwe mwapeza lembani, ndi chomwe mukanenerere nacho mtengo. Ndalama zanu zonse zisathere pogula, pikapu yakale imafuna ndalama ina sabata yoyamba yomweyo olo mwini wake alumbire kuti ingothirani mafuta muzipita. Ndipo musaope kuisiya, kuona maso a nkhono nkudekha, pikapu zogulitsa sizidzatha.

Nde mwagula, mwafika nayo pakhomo. Apa mtima umafuna marimu onyezimira, masipika ndi penti, ugwireni mtimawo. Yambani ngati kuti mwini wakale sanasinthepo kalikonse. Oyilo wa injini ndi fyuluta yake, madizilo akalewa ambiri amayenda bwino ndi 15W-40 koma onani buku la galimotoyo. Fyuluta ya mpweya, fyuluta ya dizilo, ndipo mukasintha ya dizilo mupope kapampu kapamwamba pake kaja mpaka kalimbe kuti mpweya utuluke, kupanda apo mudzapha batire ndi kuliza. Oyilo wa giyabokosi, wa difu ndi wa transfer box anthu amamuiwala zaka ndi zaka. Kanthu kamodzi apa, musanamasule nati yokhetsera ya pansi yambani mwamasula yothirira ya m'mbali, chifukwa mukakhetsa oyilo yense kenako yothirirayo nkukana kumasuka mwagwira njakata. Ku difu kumapita oyilo wa GL-5 monga 80W-90, magiyabokosi ambiri akale amafuna GL-4, ndipo ngati difu yake ndi ya LSD, ija imakokabe ndi tayala linalo limodzi likamaterera, ili ndi oyilo wakewake. Oyilo wokhetsedwayo muyang'aneni, tizitsulo tonyezimira tambiri kapena mtundu wonga mkaka zikukuuzani nkhani. Pomwe pali manipo a girisi ponse popani girisi.

Ngati injini yanu ndi ya lamba wa taimingi musintheni pompo, pokhapokha pali umboni wolembedwa kuti wasinthidwa posachedwa, mawu apakamwa ayi. Pa injini zambiri zakalezi amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda mapisitoni amamenya mavavu, lamba wotchipa nkukugwetserani injini yonse. Sinthirani limodzi tensioner ndi ma oil seal akutsogolo, water pump nayo ngati ili m'njira yomweyo, poti mwatsegula kale.

Kenako za kuzizira kwa injini, pamenepa ndi pomwe madizilo akale ambiri amafera. Ladiyeta itsukidwe, ngati yatsekeka kwambiri kapena thanki yake yapulasitiki yayamba kung'aluka gulani ina. Mapaipi a labala afinyeni, olimba gwa kapena ofewa ngati siponji achoke. Chotsekera ladiyeta ndi kanthu kakang'ono koma chikatopa madzi amawira msanga, gulani chatsopano. Muone ngati thermostat, kavavu kotsegulira madzi injini ikafunda, ilimo, pali amakaniko ena galimoto ikangotentha amathamangira kuichotsa nkuitaya, kumeneko si kukonza, vuto lenileni limatsala pomwepo ndipo injini imachedwa kufunda nkumatha msanga. Fani ija yokhala ndi kilatchi yamafuta pakati nayo imatopa, imazungulira ndithu ukamaiona koma osakoka mpweya wokwanira, chizindikiro chake galimoto imatentha pokwera mtunda kapena ikaima pamzere koma ikathamanga imazizira. Ndipo thirani coolant osati madzi okhaokha, madzi okha ndi amene amabweretsa dzimbiri mkati mwa injini.

Mabuleki musachite kunyengerera. Chotsani matayala onse anayi, ndipo chonde musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhala pa jeke yekha, ikani ma stand olimba pa chasisi ndi kutsekera matayala otsalawo. Kutsogolo onani mapadi ndi madisiki, kumbuyo tsegulani madilamu, mukapeza mkati monyowa ndiye kuti wheel cylinder kapena seal ya ekiselo ikudontha ndipo ma shoe onyowa ndi mafuta satsukika, amangofunika ena. Mapaipi a buleki achitsulo aja amadyedwanso ndi dzimbiri, atsatireni ndi tochi. Buleki fuluwidi amayamwa chinyezi nde amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zomwe zalembedwa pachotsekera. Mapikapu ambiri kumbuyo ali ndi kavavu kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kapena kasipiringi, ntchito yake ndi kuwonjezera buleki yakumbuyo mukanyamula katundu, kamakonda kuuma ndi dzimbiri ndipo ena amangokadula, kaoneni ngati kakuyenda. Handibuleki nayo igwire, mwala si handibuleki.

Tayala lili m'mwamba choncho ligwireni pamwamba ndi pansi muligwedeze, likamasewera ndi bering'i kapena ball joint, mukaligwira kumanja ndi kumanzere nkumasewera ndi ma tie rod end. Mabushi a masipiringi ndi mashoka musinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mukatha zonsezi ndi pomwe mupite kukapanga alignment, osati musanasinthe, mungalipire kawiri. Matayala musangoona mapanga ake, onaninso zaka. M'mbali mwa tayala pamapeto pa zilembo zoyamba ndi DOT pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri otsiriza ndi chaka, nde 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'ambika m'mbali olo mapanga akhale akuya, ndipo pa pikapu gulani olembedwa C kapena LT omwe anapangidwira katundu.

Za magetsi gulani kamita kakang'ono, sikavuta kugwiritsa ntchito. Batire labwino galimoto itazima limaonetsa pafupifupi 12.6, ikamalira pakhale pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena chapompo, zikatsika kuposa apo alternator sikutchaja bwino. Mavuto ambiri odabwitsa a magetsi m'galimoto zakale, magetsi kuthima okha, sitata kungoti tcha, amachokera pa waya wa earth wadzimbiri, mumasuleni mupale mpaka chitsulo chiwale mumangenso musanagule china chilichonse. Mawaya omwe eni ake akale anangopotokola nkukulunga tepi achotseni alumikizidwe bwino, ndipo mukapeza fyuzi yomangidwa ndi kawaya kapena pepala la siliva ichotseni lero lomwe, galimoto zimapsa ndi zimenezo. Ikamavuta kulira m'mawa yezetsani ma glow plug musanayambe kuimba mlandu pampu.

Masipeya pali pomwe mungasunge ndalama ndi pomwe simuyenera. Chitseko, bampala, nyali, mpando, galasi, zimenezi zakale zochotsa pa galimoto ina zili bwino ndipo nthawi zina zimaposa zatsopano zotchipa. Koma lamba wa taimingi, gasiketi ya hedi, mabering'i, ma ball joint ndi za mabuleki gulani zenizeni, ine gasiketi yotchipa inandipangitsa kutsegula hedi kawiri mwezi umodzi. Pokagula tengani chakalecho m'manja pamodzi ndi nambala ya chasisi, chifukwa pikapu ya dzina limodzi chaka chimodzi imatha kukhala ndi masipeya osiyana. Ndipo pomasula chinthu jambulani ndi foni, mabawuti muwaike m'timapepala tolembedwa, mudzandithokoza tsiku lobwezeretsa.

Dzimbiri la pansi lija mukalipeza lili la pamwamba chabe likwecheni ndi bulashi yawaya, tsukani matope onse mkati mwa chasisi, iume bwinobwino, pakani mankhwala opha dzimbiri, kenako primer ndi penti wa chasisi, mkati mopanda kufikira dzanja mupoperemo wax kapena oyilo woteteza. Kupaka phula pamwamba pa dzimbiri losakwecha ndi kungolifunditsa bulangete, limapitiriza kudya mkati. Pomwe pabooka pa bodi padulidwe paikidwe chitsulo, fila ntchito yake ndi kusalaza basi osati kutseka mabowo, ndipo powotcherera chotsani waya wa batire komanso samalani ndi thanki ndi mapaipi a mafuta.

Penti wa kunja iyendetseni kaye miyezi ingapo musanamuganize, chifukwa m'miyezi imeneyi ndi momwe zobisika zimatulukira ndipo amakaniko akhala akutsamira pa bodi ndi masipanala awo. Mukasintha masipiringi kapena kuchotsa matayala, mutayenda makilomita 50 kapena 100 mangitsaninso manati a matayala ndi ma U-bolt, amakonda kukhwepa akakhazikika. Sungani kakope mu galimotomo muzilemba tsiku, makilomita ndi chomwe mwasintha. Yomwe ndili nayo panoyi chitseko chakumanzere ndi chamtundu wina mpaka lero, ndinati ndipenta ndikamaliza mabushi akutsogolo, mabushi ndinamaliza koma tsopano kwayamba kudontha ka seal ka difu yakumbuyo nde Loweruka likubwerali ndikhalanso pa katoni paja.